MLENDO WODZERA KUMWAMBA: KODI NAYE AZINENA "ODI"?



Pa mwambo wathu, munthu akafika pakhomo pa mnzake amaima pabwalo nanena kuti, "Odi!" Saloŵa kufikira eni ake atamuyankha. Mwana wosadziŵa zimenezi timati ngwosaleredwa bwino. Koma masiku ano kwabwera mlendo wina amene sadzera pachipata. Iyeyu amadzera kumwamba, akulira ngati njuchi zosamuka, ndipo ali ndi diso lakuthwa. Mlendoyo ndi kandege kopanda munthu m'kati, kamene ambiri akukatchula kuti droni. Lero tikambirane za ubwino wake, za mavuto ake, ndi za malamulo omuyang'anira.

Poyamba timudziŵe. Droni yaing'ono, yonga imene mumaiona pa maukwati, ili ndi timapiko tinai tozungulira ngati ta helikopita. Mphamvu yake imachokera m'batire, ndipo kaŵirikaŵiri siipitirira theka la ola ili m'mwamba. Kunsi kwake kuli kamera. Woiyendetsa amaima pansi atagwira kachipangizo kotumiza mauthenga mumphepo, monga momwe mau anga akufikira pa wailesi yanuyo, ndipo zonse zimene kamera ikuona iye amaziona pa foni nthaŵi yomweyo. Zilipo zina zazikulupo, zamapiko ngati a ndege yeniyeni, zimene zimauluka zokha mtunda wautali potsata njira imene zauzidwa pa kompyuta.

Dziko lathu silidachedwe pa nkhaniyi. Mu Malichi 2016, boma pamodzi ndi bungwe la UNICEF adayesa kunyamula pa droni timadontho touma ta magazi a makanda, kuchokera ku chipatala chaching'ono mu Lilongwe kupita ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, kuti akaŵayeze kachilombo ka HIV msanga. Mu Juni 2017 kudatsegulidwa malo oyeserapo tindegeti ku Kasungu, otambalala makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la m'bomalo, ndipo adali oyamba a mtundu wao mu Africa muno. Mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idayamba ku Lilongwe kuphunzitsa achinyamata kupanga ndi kuyendetsa madroni. M'zaka zomwezo kampani ya Swoop Aero idanyamula mankhwala ndi katemera kupita ku zipatala za kumidzi ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene mvula ikagwa misewu imaduka.

Anthu a ku Chilobwe, mu mzinda wa Blantyre, adaiona ntchito ya tindegeti pa nthaŵi yoŵaŵa. Usiku wa pa 12 kuchera pa 13 Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza, matope ndi miyala zidatsetsereka kuchokera m'phiri la Soche ndi kukokolola nyumba anthu ali m'tulo. M'dziko lonse anthu oposa 600 adatsimikizika kuti amwalira, ndipo ena oposa 500 sadapezeke. M'masiku otsatira, ogwira ntchito yothandiza pa ngozi ndi atolankhani adaulutsa madroni pamwamba pa malowo. Zithunzi zake zidaonetsa njira imene matope adadzera ndi pamene padali nyumba, malo amene munthu sakadapondapo msanga. Zithunzi zomwezo zidafika ku maiko akutali, anthu nkumvetsa kukula kwa tsokalo. Apa palibe angatsutse kuti mlendoyu adabwera ndi kalumo kakuthwa.

Koma kalumo komwe kamameta ndi komwenso kamacheka. Taganizani za pakhomo panu. Ku Chilobwe, monganso ku Ndirande, ku Bangwe ndi m'midzi yathu yambiri, bafa limakhala panja, lotchingidwa ndi udzu, masaka kapena malata akale, ndipo nthaŵi zambiri lilibe denga. Mpanda tidaumanga kuti utchinge maso a wodutsa mumsewu. Palibe adaganizapo zotchinga kumwamba, chifukwa kumeneko kudali akhwangwala ndi akabaŵi okha. Tsono mnyamata wojambula ukwati wa kuseri kwa nyumba yanu akakweza droni yake, diso lija limaona mkwati ndi mkwatibwi, komanso limaona mai amene akusamba pakhomo lachitatu. Iye mwina sadafune kutero, koma chithunzi chajambulidwa, ndipo chithunzi chikaloŵa pa WhatsApp kapena pa Facebook sichibwereranso.

Alipo malo enanso amene mwambo wathu udaŵatchinjiriza: dambwe la gule wamkulu, tsimba la anamwali, ndi siŵa imene anamfedwa akulirira m'bale wao. Kumeneko saloŵako munthu wamba ngakhale akhale wolemera chotani. Nanga kamera youluka iloŵe bwanji?

Funso lina nlokhudza kusunga zithunzi. Chithunzi cha m'mwamba chimaonetsa nyumba iliyonse, kukula kwake, ndi pamene yamangidwa. Nkhani yosamutsa anthu okhala m'mbali mwa phiri la Soche idayamba kale namondwe asanabwere. Choncho munthu wa kumeneko sakulakwa akafunsa kuti: zithunzi zimene zidajambulidwa pofuna kutithandiza, akusunga ndani, adzaziona ndani, ndipo zidzagwiranso ntchito yanji? Limeneli ndi funso la nzeru, ndipo loyenera kuyankhidwa poyera.

Nanga malamulo akuti chiyani? Tiŵagaŵe paŵiri. Mbali yoyamba ndi yoteteza miyoyo. Mlengalenga mwa dziko lino mumayang'aniridwa ndi akuluakulu a za maulendo a pandege motsata lamulo la Civil Aviation Act la 2017, ndipo droni nayo ndi ndege. Wofuna kuiulutsa ayambe wafunsa kwa iwo, pakuti safunsa adadya phula. Chifukwa chake nchoonekeratu kwa ife okhala pafupi ndi bwalo la ndege la Chileka: kanthu kakang'ono kakagundana ndi ndege yonyamula anthu, ngozi yake ingakhale yoopsa. Mu Disembala 2018 bwalo la ndege la Gatwick ku England lidatsekedwa anthu atanena kuti aona madroni pafupi, ndipo maulendo pafupifupi 1,000 adasokonekera.

Mbali yachiŵiri ndi yoteteza ulemu wa munthu. Ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, imapatsa munthu aliyense ufulu wosunga zachinsinsi zake, ndipo imaletsa kufufuza m'thupi mwake, m'nyumba mwake kapena katundu wake mwachisawawa. Mu 2024 kudabweranso lamulo la Data Protection Act, loteteza mbiri ndi zizindikiro za munthu, ndipo bungwe la MACRA ndilo lidapatsidwa udindo woliyang'anira. Chithunzi choonetsa nkhope yanu ndi chimodzi mwa zizindikiro zimenezo. Anzathu a ku South Africa adafika poika muyeso: kuyambira mu 2015, kumeneko droni siiloledwa kuyandikira mamita 50 kwa munthu kapena nyumba popanda chilolezo, ngakhalenso makilomita 10 ku bwalo la ndege.

Apa ndiye pali mtsutso. Ena akuti malamulo akachuluka ndipo ziphaso zikakwera mtengo, tipha ntchito ya achinyamata amene akupeza chakudya pojambula maukwati, kuyeza minda ndi kupanga mapu. Akutinso pa nthaŵi ya ngozi palibe mpata woyenda khomo ndi khomo kupempha chilolezo. Ena akuti wolemera ali ndi bafa la m'nyumba ndi denga lamalata, choncho lamulo likafooka wovutika ndi mphaŵi, makamaka amai ndi atsikana. Mbali zonse ziŵiri zili ndi mfundo. Koma onani kuti palibe mbali imene ikuti droni ithetsedwe, ndipo palibe imene ikuti izijambula paliponse. Onse akufunafuna malire.

Malirewo makolo athu adatisiyira kale m'liu lija lakuti "odi". Nyumba ikamapsa, palibe amadikira kuyankhidwa; amangothyola chitseko kuti apulumutse ana. Momwemonso pa chigumula, droni iuluke msanga. Koma tsiku labwinobwino, woiyendetsa ayambe waonekera kwa amfumu kapena kwa akuluakulu a m'deralo, anthu auzidwe tsiku, nthaŵi ndi cholinga, kamera iloze kumene ntchito ili, ndipo chimene yajambula mwangozi chifufutidwe. Kuuza anthu kumatetezanso woulutsayo. Tikukumbuka mu 2017 mmene mphekesera za anamapopa zidafalira ku Mulanje, ku Phalombe mpaka kuno ku Blantyre, anthu osalakwa nkuphedwa. Pamene anthu sadauzidwe zoona, mantha ndiwo amayankha mafunso ao.

Nanga inu omvera, mukaona droni pamwamba pa nyumba yanu muchitenji? Choyamba, musaigende ndi mwala kapena legeni. Mwina yanyamula mankhwala a wodwala, ndipo ikagwa ingavulaze mwana wanu yemwe. Chachiŵiri, ngati ndi yaing'ono ndipo ikungozungulira pamodzimodzi, mwini wake sakhala patali. Mufunefuneni, mumufunse mwaulemu kuti akuchokera kuti, akujambula chiyani, ndipo adamulola ndani. Chachitatu, akakana kuyankha, kapena mukaona chithunzi chanu chochititsa manyazi chikufalitsidwa, kanenani kwa amfumu ndi ku polisi. Musadzilangire nokha.

Ndipo inu anyamata ndi atsikana amene mwaphunzira luso limeneli, dziko likukunyadirani. Kumbukirani chabe kuti pansi pa kandege kanuko pali makomo a anthu, ndipo khomo lililonse lili ndi eni ake.