Chitsulo Chikaloŵa m'Fupa

Fupa likathyoka, magazi amaundana pakati pa zidutswazo, ndipo kupola kumayambira m'magazi omwewo. Pakapita milungu ingapo pamamera chichereŵechereŵe, chomwe chimalimba pang'onopang'ono n'kukhala mfundo yonga ya nzimbe. Madokotala amaitcha callus. Fupa lomangidwa m'chikhakha limapola motere, ndipo kugwedera pang'ono kwa zidutswa n'kumene kumakulitsa mfundoyo.

Opaleshoni ikhoza kusintha njira imeneyi. Mu 1949, Robert Danis wa ku Belgium analemba kuti akapanikiza zidutswa ndi chitsulo mpaka kusagwederanso, fupa linkalumikizana popanda mfundo. Maselo odya fupa amaboola tinjira todutsa pamng'alu, maselo omanga n'kumatsatira pambuyo. Maurice Müller ndi anzake, omwe anayambitsa bungwe la AO ku Switzerland mu 1958, anaitengera patali nzeruyi: kachidutswa kalikonse kabwerere pamalo pake, kamangidwe zolimba.

Pa X-ray zinkaoneka bwino zedi. Koma kuti dokotala afikire kachidutswa kalikonse, ankasenda nembanemba yokuta fupa, momwe mumadutsa timitsempha tolidyetsa. Fupa loongoka bwino koma lopanda magazi limachedwa kupola, ndipo tizilombo tikaloŵamo sitituluka msanga.

Stephan Perren, wofufuza wa AO, anafotokoza nkhaniyi ndi manambala. Mpata wa pamng'alu ukamasintha mosapyola 2 peresenti munthu akamayenda, fupa limalumikizana mwachindunji. Mpaka cha m'ma 10 peresenti, limamanga mfundo. Kupyola apo fupa latsopano limalephera kuwoloka mpatawo.

N'chifukwa chake lero dokotala amayamba waona pamene pathyoka. Ngati mng'alu waloŵa m'bondo kapena m'kakolo, amayala zidutswa mosasiya kakhwiriri, poti kakhwiriri kamadya chichereŵechereŵe n'kubweretsa nyamakazi. Pakati pa fupa la ntchafu safuna zonsezo. Chofunika n'chakuti mwendo usafupike, usapindike, phazi liloze kutsogolo. Msomali wautali woloŵetsedwa m'mphako ya fupa, umene Gerhard Küntscher anayamba kuugwiritsa ntchito ku Kiel mu 1939, umakwanitsa izi osasokoneza magazi oundana aja, ndipo wodwala amadzuka m'masiku ochepa m'malo mogona milungu yambiri mwendo uli chikokere.

Chitsulocho chili ndi malire ake. Munthu akaponda chimapindika pang'ono, ngati waya amene mwana akumupinda uku ndi uku. Fupa likachedwa kugwirana, monga zimachitikira kwa osuta fodya, chitsulo chimatha kuduka m'thupi momwemo, wodwala n'kubwereranso ku opaleshoni.