MAKINA A M'MLENGALENGA AMENE AONA MOTO WA M'CHIRE

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi wa ku Nkhata Bay.

 Lero tikambirane za moto wa m'chire. Caka ndi caka, mvula ikatha ndipo udzu ukauma, mapiri a Kandoli ndi zitunda za ku Viphya zimaoneka zofiira usiku. Ambiri a ife timati ndi mwambo wa cilimwe, ndipo palibe amene awerenga moto umenewu. Koma dziwani kuti uli kuwerengedwa tsiku ndi tsiku, ndipo zimene owerengawo apeza ziri ndi phunziro kwa ife.

Makinawo agwira nchito bwanji?

Kumwamba kutali, kupitirira mitambo ndi ndege, kuli makina ochedwa setilaiti amene azungulira dziko lapansi osaima. Bungwe la NASA la ku America linatumiza ena mwa makina oyang'ana moto: Terra mu 1999, Aqua mu 2002, ndi Suomi NPP mu 2011, ndipo ena atsopano anatsatira pambuyo. Suomi NPP anaikidwa pa mtunda woposa makilomita 800 kucokera pansi, ndiwo utali wonga wocokera ku Nsanje kufika ku Chitipa. Makina otere azungulira dziko kokwana 14 pa tsiku, napita pamwamba pa Nkhata Bay masana ndiponso pakati pa usiku.

Diso la makinawa silipenya monga lathu ai. Limamva kutentha. Mukaika dzanja pafupi ndi mafuwa mudziwa kuti pali moto ngakhale mutatsinzina, momwemonso makinawa. Diso latsopano, dzina lace VIIRS, ligawa dziko m'timagawo ta mamita 375 m'litali ndi m'lifupi, ndiwo mahekitala 14. Kagawo kamene katentha koposa tinzace kalembedwa ndi kadontho pa mapu. Patapita maora ocepa okha, mapuwo aikidwa pa intaneti, ndipo munthu ali yense wokhala ndi foni yamakono akhoza kuwaona kwaulere.

Makinawa ali ndi pofooka pace. Sapenya kupyola mitambo yocindikala. Moto waung'ono woyenda pansi pa mitengo yowirira ukhoza kuwabisalira, ndipo moto woyatsidwa ndi kuzima iwo asanapite sauona uli kuyaka. Koma ngakhale pamenepo cipsera cakuda cimatsala, ndipo zithunzi za masiku otsatira zimacionetsa.

Zimene aona ku maiko ozizira

Kumpoto kwa dziko lapansi, ku Canada, ku Alaska ndi ku Siberia, kuli nkhalango zazikuru za mitengo yonga paini wa ku Chikangawa. Kumeneko anthu ndi ocepa, misewu ndi yosowa, cotero popanda makinawa moto wambiri sukadadziwika kukula kwace. Pakuti zithunzi zasungidwa zaka zoposa 20, akatswiri akhoza kuyerekeza caka ndi cinzace. Apeza kuti maikowa ali kufunda msanga kuposa mbali zina za dziko. Madzi oundana a nyengo yozizira asungunuka msanga, nkhalango ziuma nthawi yaitali, ndipo moto woyamba ndi mphenzi ukula koposa kale.

Mu 2023 moto unatentha mahekitala pafupifupi 15 miliyoni ku Canada. Dziko lathu lonse la Malawi, pamodzi ndi nyanja, ndi mahekitala 11.8 miliyoni. Utsi unafika ku mzinda wa New York m'mwezi wa Juni nudetsa thambo, ndipo mu Ogasiti anthu pafupifupi 20,000 a ku Yellowknife anauzidwa kuti athawe m'nyumba zao. Kwinanso moto ulowa pansi m'dothi la zomera zoola, nunyeka mwakacetecete nyengo yonse yozizira, monga ucitira mulu wa mankhusu a mpunga ku Limphasa, kenaka ubukanso dzuwa likabwera.

Nanga kwathu kuno?

Mapu omwewo aonetsa kuti mwa malo onse amene amapsa pa dziko lapansi caka ciri conse, oposa theka ali mu Africa muno. M'cigawo cathu timadontho timayamba pang'onopang'ono mvula ikatha, ndipo timacuruka kwambiri mu Seputembala ndi Okutobala.

Tsono mvetsani kusiyana kwace. Ku Canada malo ambiri amapsa ndi moto wa mphenzi, umene munthu sangauletse. Kuno mphenzi zimadza pamodzi ndi mvula, udzu uli wauwisi. Moto wa cilimwe ucokera m'manja mwathu: kwa osaka nyama, ofula njuci, otentha makala, otentha zinyalala m'munda, ndi oponya ndudu m'mbali mwa msewu. Ici ndi comvetsa cisoni, komanso ndi copatsa ciyembekezo, pakuti cimene dzanja liyamba, dzanja likhoza kuleka.

Taonani zimene titaya. Nkhalango ya paini ya ku Viphya, imene mbali yace iri m'boma lathu lino, inabzalidwa pa mahekitala 53,000, ndipo moto ndiwo umodzi mwa adani amene aiononga koposa. Tiri ndi nkhalango ya Boma ya Mkuwazi, minda ya raba ku Vizara ndi ya tiyi ku Kawalazi, kumene ana athu ambiri apeza nchito. Koma cacikuru ndi nthaka. Dziko la Nkhata Bay ndi lotsetsereka, ndipo mvula yace ndi yambiri kuposa maboma ena. Phiri likapsa mu Okutobala, mvula yoyamba igwa pa dothi lopanda cofunda, nikokolola nthaka yabwino pamodzi ndi phulusa kunka nazo mu Luweya ndi mu Limphasa, mpaka ku nyanja. Munda wa cinangwa uguga, matope akwirira miyala imene mpasa ndi sanjika ziikirapo mazira, ndipo kondowole acepa pamodzi ndi ndiwo zace.

Moto woyamba ndi moto wocedwa

Moto wonse si wofanana. Ku Ndola, m'dziko la Zambia, a zankhalango anayamba kuyesa nkhani imeneyi mu 1933, m'nkhalango ya mitengo ya miombo yonga yathu. Malo ena anawatentha msanga mvula itangotha, ena anawatentha mocedwa m'cilimwe, ena sanawatenthe konse. Zotsatira zinalembedwa ndi C. G. Trapnell mu 1959. Pamene panatenthedwa msanga mitengo inakhalabe nikula. Pamene panatenthedwa mocedwa caka ndi caka, miombo inafa ndipo panatsala udzu ndi mitengo yowerengeka yopirira moto.

Cifukwa cace ncosabvuta. Mu Juni ndi Julaye udzu ukali ndi madzi pang'ono, moto uyenda wofooka, usiya zigamba zosapsa, nuzima wokha ndi mame a usiku. Mu Okutobala zonse zauma gwa, mitengo yaphuka masamba atsopano, ndipo malawi akwera kufikira kunsonga napha mphukira zonse. Makinawa nawo aona kusiyanaku, cifukwa alemba tsiku la moto uli wonse ndi ukali wace. Motero cimene tifuna ndi cakuti timadontho ta m'boma lathu ticepe, ndipo totsalato ticoke mu Okutobala tibwerere mu Juni.

Zoyenera kucita

Poyamba, inu mafumu, itanitsani msonkhano mvula ikangotha, mupangane malo amene adzatenthedwa msanga ndi malo amene sadzatenthedwa konse. Lamulo la Zankhalango la 1997 lipatsa mfumu mphamvu yopatula nkhalango ya mudzi, ndi anthu kusankha komiti yoiyang'anira. Lamulo lomwelo liletsa kuyatsa moto m'nkhalango za Boma popanda cilolezo.

Caciwiri, lambulani njira zoletsa moto kuzungulira nkhalango ya mudzi, manda, nkhokwe ndi mitengo yobzala. Njirayo ikhale yotakata mamita asanu kapena kuposa, makamaka potsetsereka, pakuti moto uthamanga pokwera phiri.

Cacitatu, potentha msanga, itanani wa zankhalango akhale nanu. Yatsani madzulo, mphepo ya mwera itagona, anthu ali cire ndi nthambi zauwisi, ndipo musacoke moto usanazime. Paini ndi bulugama wamng'ono musayandikizeko moto.

Cacinai, inu alimi, lekani kutentha zinyalala m'munda. Zikwirireni m'mizere kuti ziole. Ndizo cakudya ca nthaka.

Cacisanu, kuyambira Ogasiti kufikira mvula itagwa, pasakhale munthu woyatsa chire. Ofula njuci azime miuni yao, ndipo makolo alangize ana. Moto ukabuka, mudzi wonse utuluke, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Inu a komiti, funsani mlangizi kapena mphunzitsi amene ali ndi foni yamakono akuonetseni mapu a dera lanu, ndipo lembani m'buku mwezi ndi malo a moto uli wonse. Pakutha zaka zitatu mudzadziwa kumene moto wanu umayambira, ndipo njira zolambula mudzaziika pamalo oyenera.

Kumbukirani kuti setilaiti ipenya cabe. Siinyamula khasu, siithyola nthambi, siiweruza mlandu pabwalo. Nchito imeneyo ndi ya inu ndi ine, ndipo nthawi yace ndi udzu usanaume.