ULENDO WA TSIKU LIMODZI KU DZIKO LA MPHESA

Masiku ano ndi mabanja owerengeka okha mu mpingo wathu amene alibe m'bale ku South Africa. Makolo athu ankathera ku migodi ya ku Joni, koma ana athu apitirira mpaka ku Cape Town, kumene ena akugwira ntchito m'nyumba, m'mahotela ndi m'mafamu, ndipo ena ali pa sukulu. Akapeza tsiku lopuma, anzawo amawaitana kuti akapitidwe mphepo ku chigawo chotchuka ndi minda ya mphesa. Madzulo ake zithunzi zimafika pa lamya za makolo kuno kumudzi: mapiri ataliatali, mizere ya mipesa yobiriwira, ndi tebulo lodzala ndi matambula. Mayi akaona mapiriwo amakondwa, koma akaona matambulawo mtima umamugunda. Tsono funso limabuka m'banjamo: kodi Mkhristu akatengako chiyani kumalo otere? Kodi ana athu tiwaletse?

Ife tikuti apite, ndipo makolo amene apeza mwayi wokachezera ana awo apite nawo limodzi. Ambuye Yesu nayenso anatenga ophunzira ake kupita nawo padera kuti akapumule (Marko 6:31). Chofunika ndi chakuti munthu adziwe chimene akukaona asananyamuke, pakuti chigawo chimenechi chili ndi zambiri zoposa za m'botolo, ndipo mizu ina ya mpingo wathu ili komweko. Tiyeni tiyende ulendowo pamodzi, kuyambira m'mawa kufikira madzulo.

Dziko lake

Kuchokera ku Cape Town kulowera kum'mawa, ulendo wa ola limodzi pa galimoto umatifikitsa ku matauni anayi oyandikana: Stellenbosch, Franschhoek, Paarl ndi Wellington. Nyengo ya kumeneko ndi yosiyana ndi yathu. Kuno mvula imagwa kuyambira Novembala kufikira Epulo, koma ku Cape imagwa makamaka m'miyezi yozizira ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndipo nthawi yotentha imakhala youma. Nyengo yotereyi ndiyo imene mpesa umakonda.

Mlendo wofika mu Julayi adzapeza mipesa ilibe masamba, antchito ali kalikiriki kudulira nthambi. Wofika pakati pa Januwale ndi Malichi adzapeza anthu akukolola, mathirakitala akututa mphesa kupita kofinyira. Ambiri a ife tinawerenga za mpesa ndi nthambi zake pa Yohane 15 tisanauone mpesawo ndi maso. Kumeneko mwana angathe kuona yekha nthambi zodulidwa zili mbwee pansi, ndi kumva kwa mlimi kuti mpesa wosadulira umachuluka masamba ndi kubala zipatso zachabechabe. Adzamvanso kuti mpesa watsopano umatenga zaka ngati zitatu usanayambe kubala bwino. Phunziro la Sande Sukulu lotere silipezeka pa bolodi.

Ulimi umenewu ndi wakale. Jan van Riebeeck, amene anafika ku Cape mu 1652, analemba kuti vinyo woyamba wa mphesa za kumeneko anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659. Koma mwambo woti alendo aziyendera mafamu ndi wa posachedwa: unakhazikika mu 1971, pamene mafamu atatu a Simonsig, Delheim ndi Spier anagwirizana kutsegula njira ya alendo ku Stellenbosch.

M'mawa ku Stellenbosch

Tauni ya Stellenbosch inakhazikitsidwa mu 1679 ndi bwanamkubwa Simon van der Stel, m'mbali mwa mtsinje wa Eerste. Misewu yake ili ndi mitengo ikuluikulu ya thundu ndi nyumba zoyera zakalekale. Alendo ambiri amangojambula nyumbazo ndi kuthamangira ku mafamu. Ife tikupempha ana a mpingo wathu kuti ayende wapansi mu msewu wa Dorp kufikira kumapeto kwake, kumene kuli sukulu ya ubusa imene mpingo wa Dutch Reformed unatsegula mu 1859. Aphunzitsi ake oyamba anali John Murray ndi N.J. Hofmeyr.

Dzina la Murray si lachilendo kwa ife. Andrew Charles Murray, wa banja lomwelo, anafika m'dziko muno mu 1888, ndipo mu 1889 iye ndi T.C.B. Vlok anamanga misasa pa Mvera, m'dera la Mfumu Chiwere. Kuchokera pamenepo ntchito inafalikira ku Kongwe, ku Nkhoma ndi kwina, ndipo mu 1926 mpingo umenewo unalowa mu CCAP. William Murray ndiye anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika, limene agogo athu anaphunzirira kuwerenga. M'zaka za pambuyo pake abusa athu ambiri akhala akupita ku Stellenbosch komweko kukawonjezera maphunziro. Mnyamata wa ku Dowa kapena ku Dedza akaima pakhomo pa sukulu imeneyo adziwe kuti msewu umene unafikitsa Uthenga Wabwino kumudzi kwawo unadzera pamenepo.

Pniel ndi mabelu a akapolo

Kuchoka ku Stellenbosch msewu umakwera phiri la Helshoogte mokhotakhota ndi kutsikira ku chigwa chokongola kwambiri. Apa ndi pamene tiyenera kukumbukira mwambi wa akulu wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyumba zoyera zija, makoma ndi minda yoyamba ya mphesa zinamangidwa ndi thukuta la akapolo. Akapolowo ankatengedwa ku Madagascar, ku India, ku zilumba za Indonesia, ndiponso ku Mozambique, kwa anansi athu. Pa mafamu ambiri akale pali chipilala chokhala ndi belu, chimene alendo amakonda kujambulirapo zithunzi. Belu limenelo linkaitana akapolo ku ntchito.

Ukapolo unathetsedwa ku Cape pa 1 Disembala 1834, koma akapolowo anakakamizidwa kutumikirabe ambuye awo kufikira 1838. Atamasulidwa, ambiri analibe kolowera. Mudzi wa Pniel, umene uli m'mbali mwa msewu womwewu, unayamba mu 1843 monga mishoni yolandira anthu otere, ndipo tchalitchi chake chilipo mpaka lero. Dzina lake ndi la malo aja kumene Yakobo analimbana usiku wonse (Genesis 32). Ndi bwino kuimitsa galimoto pamenepo ndi kuwafotokozera ana.

Ukapolo utatha, panatsala unyolo wina. Eni mafamu ambiri ankalipira antchito mbali ina ya malipiro awo ndi vinyo, amene ankapatsidwa kangapo pa tsiku. Mchitidwewu unkatchedwa dop. Lamulo linauletsa mu 1960, koma unapitirira mobisa kwa zaka zambiri. Zotsatira zake zikuonekabe. Mayi woyembekezera akamamwa, mowa umadutsa m'magazi kufika kwa mwana ali m'mimba ndi kuwononga ubongo wake, kotero kuti mwanayo amabadwa wochepa thupi ndipo amavutika kuphunzira moyo wake wonse. Ofufuza za umoyo anapeza kuti m'madera ena a chigawo chimenechi vutoli ndi lalikulu kuposa pafupifupi kwina kulikonse pa dziko lapansi. Nkhani ya malipiro nayonso inavuta nthawi yaitali: antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns ananyanyala ntchito mu 2012, pamene malipiro otsikitsitsa anali R69 pa tsiku, ndipo mu 2013 boma linawakweza kufika pa R105. Choncho mlendo apereke moni mwaulemu kwa anthu amene awapeza ali weramu m'mizere. Nthawi zina adzadabwa kumva akuyankhidwa m'Chichewa.

Masana ku Franschhoek

Dzina lakuti Franschhoek limatanthauza ngodya ya Afalansa. Mu 1685 mfumu Louis XIV ya ku France inafafaniza lamulo limene linkateteza Akhristu a chiphunzitso cha John Calvin, otchedwa Huguenot. Matchalitchi awo anagwetsedwa, abusa awo anapirikitsidwa, ndipo anthu zikwizikwi anathawa. Kagulu kena kanafika ku Cape mu 1688 ndi kupatsidwa malo m'zigwa zimenezi. Mayina monga Du Toit, De Villiers ndi Le Roux ndi a zidzukulu zawo. Kumapeto kwa msewu waukulu wa tauniyo kuli chipilala chowakumbukira, chimene chinatsegulidwa mu 1948: mayi wagwira Baibulo m'dzanja limodzi, ndi unyolo woduka m'dzanja linalo. Anthu amenewa anali a chikhulupiriro chimodzi ndi ife. Koma tisabise kwa ana athu kuti othawa chizunzowo ndi zidzukulu zawo anasunganso akapolo. Kuzunzidwa sikumuchotsera munthu mtima wozunza mnzake, ngati sadziyang'anira.

Pa tebulo lolawira

Pofika masana njala yayamba, ndipo gulu limalowa pa famu. Apa ndi pamene pali mayeso enieni. Mlendo amalipira ndalama, ndipo wantchito amamuthirira mitundu 5 kapena 6 ya vinyo, pang'onopang'ono m'tambula, akufotokoza fungo ndi kukoma kwa mtundu uliwonse. Zonse zimachitika mwaulemu, popanda phokoso la kumowa limene tinalizolowera, kotero kuti mnyamata amene sangalowe m'bala amadziuza kuti uku ndi kulawa chabe. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Gulu likayendera mafamu atatu, timadontho tija timakhala tadzaza matambula angapo. Buku la Miyambo, mutu 23, limachenjeza za vinyo wokongola m'maso amene mathero ake ndi owawa, ndipo Nowa, munthu wolungama, anagwa m'manyazi pa munda wake womwe wa mphesa (Genesis 9).

Mpingo wathu unatiphunzitsa kupewa zoledzeretsa, ndipo malonjezo amene tinachita polowa mpingo sathera pa chipata cha Mwanza kapena cha Beitbridge. Kukana sikuvuta monga mmene achinyamata amaganizira. Mafamu ambiri amagulitsanso madzi a mphesa osasasa, tchizi, mkate, azitona ndi zipatso, ndipo ena ali ndi kapinga wokhalapo banja lonse ndi malo osewerera ana. Mawu akuti, "Zikomo, ine sindimwa, ndipatseni madzi a mphesa," ndi okwanira. Wantchitoyo amawamva tsiku ndi tsiku kwa oyendetsa galimoto, kwa amayi oyembekezera ndi kwa Asilamu, amene ndi ambiri ku Cape. Manyazi amene timawaopa amakhala mwa ife tokha. Chinsinsi chake ndi kuwauza anzathu tisananyamuke, chifukwa kukana tambula ili kale m'manja ndi kovuta.

Kubwerera kudzera ku Paarl ndi Wellington

Pa msewu wochoka ku Franschhoek kupita ku Paarl pali chipata cha ndende imene kale inkatchedwa Victor Verster, ndipo tsopano ndi Drakenstein. Pamenepo ndi pamene Nelson Mandela anatulukira pa 11 Febuluwale 1990, atakhala m'ndende zaka 27, ndipo chifaniziro chake chaima pachipatapo. M'chaka chomwecho, pa msonkhano wa mipingo ku Rustenburg, Willie Jonker, mphunzitsi wa sukulu ya ubusa ya ku Stellenbosch ija, anavomereza poyera tchimo la mpingo wake pochirikiza tsankho. Mpingo umene unatitumizira Uthenga unalinso ndi zoti ulape.

Tauni ya Paarl imaonekera patali chifukwa cha matanthwe aakulu a nsangalabwi ali pamwamba pake. Kupitirira pang'ono ndi Wellington, kumene Andrew Murray, mlembi wa mabuku ambiri a za pemphero, anakhala mbusa kuyambira 1871 ndipo anamwalira mu 1917. Kumeneko anatsegula sukulu ya atsikana mu 1874 ndi sukulu yophunzitsa amishonale mu 1877. Dzuwa likapendeka, msewu waukulu wa N1 umatibwezera ku Cape Town.

Malangizo kwa okonza ulendo

Sankhani tsiku Loweruka. Ngati tsiku lopuma ndi la Sabata lokha, yambani mwapembedza ndi Akhristu anzanu. Dziwani bwino amene mukuyenda nawo, ndipo musakwere galimoto imene woyendetsa wake walawa ngakhale pang'ono, pakuti misewu ya m'mapiri siyikhululuka. Atsikana ayende awiriawiri kapena atatu, ndipo wina wotsala kunyumba adziwe kumene apita. Werengerani mtengo musananyamuke, kuti tsiku limodzi lisadye fizi ya mng'ono wanu kapena feteleza wa amayi. Tengani kamba wanu, madzi akumwa, chipewa ndi mapepala anu a ulendo. Funsani chilolezo musanathyole mphesa kapena kujambula munthu ali pa ntchito.

Ndipo inu makolo, zithunzi zija zikafika pa lamya, musafulumire kukalipa. Mufunseni mwanayo ngati anaona sukulu ya ubusa, ngati anaima pa Pniel, ndi chimene chinali m'tambula mwake. Mwana amene akudziwa kuti kwawo adzafunsidwa mwachikondi amayenda mosamala. Timupempherere, pomutchula dzina, pa mapemphero a banja madzulo alionse, kuti Mwini munda amusunge kufikira tsiku limene tidzamulandira kumudzi.