Kwela (mawu a m'nyimbo zakale)

Kwela ndi mawu a chilankhulo cha m'misewu ya ku Johannesburg amene ankamveka m'nyimbo za m'zaka za m'ma 1950. Pambuyo pake mawuwa anasanduka dzina la mtundu wa nyimbo zoimbidwa ndi chitoliro chachitsulo. Ku Malawi amadziwika kwambiri chifukwa cha nyimbo za Daniel ndi Donald Kachamba.

Kumene mawuwa anachokera

Mawuwa anachokera ku mneni wa Chizulu ndi Chixhosa, khwela, amene tanthauzo lake ndi kukwera. Mmalawi savutika kuwamva. M'Chichewa amalembedwa kuti kwera, chifukwa lamulo la kalembedwe limafuna r pambuyo pa e kapena i. Anthu a ku Lungwena ndi madera ena a Mangochi, kumene ambiri amalankhula Chiyao, amati kwela ndendende. Kufananaku sikutanthauza kuti wina anabwereka kwa mnzake ayi. Zinenero zonsezi ndi za banja limodzi la Bantu.

Tanthauzo la m'misewu

Nthawi ya tsankho ku South Africa, mwamuna wakuda ankayenera kuyenda ndi chitupa chomulola kukhala m'tauni. Apolisi ankazungulira m'makomboni ndi galimoto yotseka kumbuyo, kugwira opanda zitupa, otchova njuga ndi ogulitsa mowa popanda chilolezo. Wogwidwa ankamukalipira kuti akwere msanga. Choncho anthu anaitcha galimotoyo kwela-kwela, ndipo wina akakuwa dzinali aliyense ankaliyatsa liwiro.

Palinso kufotokoza kwina. Pamagule anthu ankafuula mawu omwewa polimbikitsa wovina kuti alowe m'bwalo, kapena woimba chitoliro kuti awonjezere moto. Palibe chifukwa chokanira kumodzi mwa kufotokoza kuwiriku, poti anyamata amene ankaimba pamphambano za misewu ndi omwewo amene apolisi ankawathamangitsa.

Mmene anasandukira dzina la nyimbo

Gulu la anyamata a ku Alexandra, Elias and His Zig-Zag Jive Flutes, linajambula nyimbo yotchedwa Tom Hark. Nyimboyo imayamba ndi kasewero: anthu akutchova njuga mumsewu, kenako wina akuchenjeza anzake kuti galimoto ya apolisi yafika, ndipo pomwepo zitoliro zikuyamba kulira. Mu 1958 nyimboyi inafika pa nambala 2 pamndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Akatswiri a mbiri ya nyimbo amanena kuti ogula amene sankadziwa Chizulu anatenga mawu a chenjezo aja ngati dzina la nyimbozo, makampani ojambula nawo n'kuwagwiritsa ntchito pamalonda. Eni ake m'makomboni ankangoti jive. Anyamata amene anaimba Tom Hark sanapindule nayo kwenikweni. Oimba ena otchuka a kwela anali Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso.

Kwela ku Malawi

Nyimbozi zinafika ku Nyasaland ndi anthu obwerera ku Joni ndi ku Southern Rhodesia, amene ankanyamula magalamafoni ndi malekodi m'katundu wawo. Ku South Africa kwela inazilala m'zaka za m'ma 1960 pamene mbaqanga inatchuka, koma ku Malawi inapitirira. Daniel Kachamba (1947-1987) ndi mng'ono wake Donald, amene anamwalira mu 2001, anali a m'mudzi wa Singano pafupi ndi Chileka. Katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo ku Blantyre mu 1967 n'kuwajambula, ndipo mu 1972 anakaimba ku Ulaya. Gulu lawo linkaimba ndi chitoliro, gitala, chisekese ndi babatoni, yomwe ndi besi ya chingwe chimodzi. Woimba chitoliro cha kwela amachilowetsa kwambiri m'kamwa mopendeketsa, kuti mawu ake amveke okhuthala ndi otha kupindika.

Boma la Dr. Kamuzu Banda linaletsa bungwe la Wenela kulemba anthu ntchito mu 1974, ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown. Ulendo wa ku Joni sunathere pomwepo. Mpaka lero anyamata ambiri a ku Lungwena ndi Mangochi amapitabe pabasi, ndipo amene apolisi awapeza alibe mapepala amawakweza m'galimoto kupita nawo ku Lindela, ku Krugersdorp, kukadikira kubwezedwa kumudzi.