Phunziro 14: Ntchito Zolemetsa ndi Ntchito Zopepuka

Anzathu alimi, ntchito zonse n'zofunika, koma sizidya mphamvu mofanana. M'nthawi ya chibalo cha atsamunda achipwitikizi, kapitawo sankafunsa ngati munthu watopa kapena akudwala. Tinalandira ufulu mu 1975. Lero ogawa ntchito ndife tomwe. Tiyeni tigawe mwanzeru.

Kuti tidziwe kulemera kwa ntchito, tifunse mafunso atatu. Katundu kapena chida chikulemera bwanji? Tigwira nthawi yaitali bwanji? Tigwira chokhala, choimirira kapena chowerama?

Ntchito timaziika m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi ntchito zopepuka: kusankha mbewu, kutonola chimanga, kuswa mtedza. Timagwira tili khale, uku tikucheza.

Gulu lachiwiri ndi ntchito zapakati: kubzala, kuthira feteleza, kuzula nyemba, kupeta. Thukuta limatuluka, koma kulankhula kumatheka.

Gulu lachitatu ndi ntchito zolemetsa: kuswa mphanje, kuunga mizere, kubandira, kukumba mbatata ya kachewere, kusenza matumba. Mtima umagunda msanga, munthu n'kumapuma wefuwefu.

Tiwerengere pamodzi. M'munda wa hekitala imodzi, mizere ikatalikirana masentimita 75, kutalika kwa mizere yonse kumapitirira makilomita 13. Dothi lonselo timalikoka ndi khasu, tili chowerama. Si masewera ayi!

Ena amati ntchito za amayi n'zopepuka. Eti? Madzi a malita 20 amalemera makilogalamu 20. Mayi akatunga katatu wasenza makilogalamu 60, kuposa thumba la feteleza la makilogalamu 50. Tionjezere kusinja, kutola nkhuni, mwana ali kumsana, atachokanso kumunda. Zonsezi n'za gulu lachitatu. Abambo, tithandizane.

Tsono tichite chiyani?

Ntchito zolemetsa tizigwira m'mamawa dzuwa lisanakwere, titatenga madzi akumwa. Zopepuka tizisungira masana, pamthunzi.

Amayi oyembekezera, okalamba ndi amene angochira malungo tiwapatse zopepuka. Ana akaweruka kusukulu athandize zopepuka basi.

Thumba la makilogalamu 50 tinyamule anthu awiri, kapena tiike pa ngolo. Ponyamula tipinde mawondo, msana ukhale woongoka, katundu akhale pafupi ndi thupi.

Ntchito yolemetsa imafuna chakudya chambiri. Kupalira ndi kubandira kumafika nthawi ya mvula, nkhokwe zitayamba kutha. Choncho pokolola tisagulitse chimanga chonse. Tisungeko, pamodzi ndi nyemba ndi mtedza.

Msana ukavulala mu Januwale, udzu sudikira. Munda umalowa thengo, banja n'kugona ndi njala.

Tikambirane:
1. Dzulo munagwira ntchito zanji? Ziikeni m'magulu atatu aja.
2. Pakhomo panu, ndani amagwira ntchito zolemetsa zambiri?

Tiwerengere: Madzi a malita 20, maulendo 4. Ndi makilogalamu angati?

Tilembe: khasu, msana, mphamvu, tithandizane.