Musanakhulupirire buku la ziweto: uthenga kwa oweta akalulu ndi mbira

Mabanja ambiri m'mawodi a boma lathu lino akuweta akalulu ndi mbira pofuna ndiwo, manyowa komanso kandalama kogulira sopo ndi makope a ana asukulu. Chiweto chikadwala, ena amathamangira ku buku la zaulimi limene lakhala m'nyumba kwa zaka zambiri. Kuwerenga nkwabwino, komatu si zonse zosindikizidwa zimene zili zoona, makamaka pa nyama ziwirizi.

Mabuku ambiri a zaumoyo wa ziweto adalembedwa poganizira ng'ombe, mbuzi, nkhuku ndi agalu. Akalulu ndi mbira amangopatsidwa masamba ochepa, ndipo nthawi zina amaikidwa pamutu umodzi ngati nyama yamtundu umodzi. Chonsecho mbira ili m'gulu la mbewa ndi makoswe, pomwe kalulu ali m'gulu lakelake, ndipo matupi awo amagwira ntchito mosiyana.

Ngozi yaikulu ili pa mankhwala. Amoxicillin ndi mankhwala ena a gulu la penicillin amathandiza ziweto zina, koma mukamwetsa kalulu kapena mbira, amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo timene timagaya chakudya. Zikatero chiweto chimatsegula m'mimba kwambiri ndipo chikhoza kufa m'masiku ochepa. Nawo mankhwala ophera utitiri pa agalu okhala ndi fipronil ndi poizoni kwa kalulu. Buku limene langolemba mlingo wa mankhwala popanda chenjezo lotere likhoza kukuthetserani khola.

Pa chakudya palinso kusiyana. Kalulu amadzipangira vitamini C m'thupi mwake, koma mbira, monganso munthu, siitha kutero. Ikapanda kumulandira m'chakudya imatupa nkhama ndi mfundo za miyendo, nkumalephera kuyenda. Choncho mbira isamasowe zobiriwira zaziwisi tsiku ndi tsiku, monga udzu, kholowa ndi chisoso, komanso tizidutswa ta magwafa. Mawu akuti nyamazi sizimwa madzi ndi bodza: zonse ziwiri zimafuna madzi oyera nthawi zonse.

Pa kuswana, kalulu amakhala ndi bere masiku pafupifupi 31, pomwe mbira imatenga masiku 59 mpaka 72. Mbira yaikazi ndi bwino itenge bere loyamba isanapitirire miyezi 6, chifukwa ikachedwa mafupa a m'chiuno amalimba ndipo imavutika poswa. Malangizo oti nyama ziwirizi zikhale m'khola limodzi ndi osayeneranso, popeza kalulu wooneka wathanzi amatha kusunga kachilombo kamene kamadwalitsa mbira chibayo.

Tsono buku lodalirika tingalidziwe bwanji? Choyamba, onani chaka chimene lidasindikizidwa. Mtundu watsopano wa nthenda yopha akalulu mwadzidzidzi, wotchedwa RHDV2, udapezeka koyamba ku France mu 2010 ndipo udafika ku South Africa mu 2022. Buku lakale kuposa pamenepo silingautchule. Chachiwiri, onetsetsani kuti mfundo imene mukuwerengayo ikunena za kalulu kapena mbira mwachindunji, osati ziweto zing'onozing'ono mwachisawawa. Chachitatu, ganizirani dziko limene bukulo lidalembedwera. Mabuku a ku Ulaya amatsindika zoteteza akalulu ku chisanu, pomwe kwathu kuno mdani wamkulu ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala ndi Novembala. Khola la kuno limafuna mthunzi ndi mpweya wokwanira.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Musanapereke mankhwala alionse kwa kalulu kapena mbira, kaonaneni ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, ndipo mutenge bukulo kuti mukaliwerengere limodzi. Akalulu akayamba kufa motsatizana, musagulitse kapena kusamutsa otsalawo. Kaneneni msanga ku ofesi ya zaulimi imene muli nayo pafupi.