Dzina Silisamuka ndi Katundu

Abale a kumigodi, tamverani. Pa 23 August 2023 amalume anga, mwana wa mtchona wa ku Dedza, amene malamulo a 2013 anawayesa mbadwa ya Zimbabwe, anafola m'bandakucha ku Dzivarasekwa. Pofika pa tebulo, dzina lawo osapezeka! Linatsala ku Mbare kumene anasamukako, pakuti munthu aponya voti pa malo amene analembetsa pokha. Kaundula anali atatsekedwa pa 2 June. Anakwera kombi kubwerera ku Mbare, naponya voti dzuwa litapendeka.

Ine kalaliki ndidziwa kuti buku silitsata munthu. Mukasamuka, fulumirani ku ofesi ya ZEC ndi chitupa ndi umboni wa kumene mukhala, akasinthe keyala yanu. Musadikire tsiku la chisankho.